Kodi Ndere za kwa Ndamera Zingayendetse Galimoto?

Mafuta a galimoto akasowa m'Malawi muno, okhala kumapeto kwa msewu ndiwo amayamba kuvutika, ndiwonso amamaliza. Dera la Mfumu Yaikulu Ndamera, m'boma la Nsanje, lili kumapeto kwenikweni: ukachoka pa boma kulowera kummwera umakafika pa Marka, ukangopitirira apo waponda dothi la Mozambique. Kuno petulo ndi dizilo si za eni magalimoto okha. Wakabaza wa njinga yamoto wothamangira kuchipatala ndi mayi woyembekezera amadalira petulo. Chigayo chomwe chili kutali ndi mawaya a ESCOM chimalira ndi dizilo. Mlimi wothirira kudimba ndi pampu ya injini, mwini boti lowolotsa anthu pa Shire, onsewa maso ali pa mtengo wa lita. Pamalo omwetsera mafuta pakauma, petulo amapezekabe m'mabotolo m'mbali mwa msewu, koma pa mtengo woti munthu agwire pakamwa.

Dziko lathu lilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi, lilibenso fakitale yoyengera. Petulo ndi dizilo zimalowa kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo timalipira ndi madola omwe nthawi zambiri sakwanira. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mizere ya magalimoto odikira mafuta idasanduka chinthu chozolowereka. Tsono wina akabwera n'kunena kuti ndere, zobiriwira zoterera zija zimagwetsa anthu padooko, zingathe kufinyidwa n'kutulutsa dizilo, ndani sangatchere khutu? Makamaka akawonjeza kuti ndere zimakonda dzuwa, kutentha ndi madzi amchere, zinthu zitatu zomwe Chigwa cha Shire chili nazo mpaka kutaya.

Nkhaniyi si bodza lamkunkhuniza ayi. Ndere zilidi ndi mafuta, ndipo mafuta omwe amakumbidwa pansi ku Angola kapena ku Saudi Arabia adachokera makamaka ku ndere ndi tizamoyo tina ta m'nyanja zamakedzana, tomwe tidamira m'matope n'kupsa pang'onopang'ono ndi kutentha ndi kupanikizika kwa zaka mamiliyoni ambiri. Chimene akatswiri akhala akufuna ndi kudumpha zaka mamiliyonizo. Koma tisiyanitse kaye. Ndere zautali ngati ulusi zomwe timaziona pamiyala ndi m'mbali mwa madambo zilibe mafuta ochuluka. Zomwe amazisaka ndi tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ta selo imodzi, tomwe tikachuluka timangosandutsa madzi kukhala obiriwira. Mitundu ngati Chlorella, Nannochloropsis ndi Botryococcus braunii ndiyo imatchulidwa kawirikawiri. Ina mwa iyo ikaumitsidwa, magawo 20 mpaka 50 pa 100 aliwonse a kulemera kwake amatha kukhala mafuta. Zilibe mizu, thunthu kapena makungwa oti zitayirepo mphamvu. Zimangogawikana, ndipo zinthu zikakhala bwino zimawirikiza kawiri pa tsiku limodzi. Papepala, hekitala imodzi ya ndere imaposa kutali soya, mpendadzuwa kapena nsatsi pa kuchuluka kwa mafuta.

Kalimidwe kake kofala ndi ka m'maiwe osaya, akuya masentimita 20 kapena 30, opangidwa mozungulira kuti madzi aziyenda osaima, akukankhidwa ndi gudumu la zopalasira loyendera magetsi. Ena amazilima m'mapaipi kapena m'matumba oonekera mkati, njira yoteteza bwino ndere koma yodula zedi. Zikakhwima amazisefa, kuziumitsa, kuswa timaselo take kuti mafuta atuluke, ndiyeno mafutawo amawasakaniza ndi methanol ndi soda woyabwa uja wopangira sopo kuti asanduke biodiesel. Pa sitepe iliyonse pakulowa ndalama ndi magetsi, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Amereka adaziyesa izi mozama. Mitengo ya mafuta itakwera m'zaka za m'ma 1970, boma la dzikolo lidakhazikitsa kafukufuku wotchedwa Aquatic Species Program, yemwe adayenda kuchokera mu 1978 mpaka 1996. Adatolera mitundu ya ndere pafupifupi 3,000, n'kusankhapo ngati 300, ndipo adakumba maiwe oyeserera ku Roswell m'chigawo cha New Mexico. Adatseka ntchitoyo mafuta okumba atatchipa, ataona kuti a ndere sangapikisane nawo. M'kati mwa kafukufuku wotereyu mudaonekanso vuto lomwe mpaka lero silinathe: ndere zimadzaza mafuta zikamanidwa chakudya, makamaka nayitrojeni, koma zikamanidwa zimaleka kuswana. Ukazidyetsa bwino zimachuluka koma mafuta ake ndi ochepa. Ukazimana zimanona koma zokolola zimatsika.

Mgolo wa mafuta utafika pa madola 147 mu Julayi 2008, chidwi chidabwereranso, ulendo uno ndi ndalama zankhaninkhani. Mu Januwale 2009 ndege ya Continental Airlines idauluka moyeserera ndi mafuta osakaniza, momwe mudali a jatropha ndi kagawo kakang'ono ka a ndere. Chaka chomwecho ExxonMobil idalengeza mgwirizano ndi kampani ya Synthetic Genomics wa ndalama zomwe zikadatha kufika madola 600 miliyoni, ndipo pambuyo pake idalonjeza migolo 10,000 pa tsiku pofika 2025. Mapeto ake? Shell idatuluka m'ntchito yake ya ku Hawaii mu 2011. Solazyme, yomwe idagulitsapo mafuta a ndere kwa asilikali a pamadzi a ku Amereka pa mtengo wa madola mazana pa galoni, idasintha dzina kukhala TerraVia, n'kutembenukira ku zakudya, ndipo idagwa mu 2017. Sapphire Energy idagulitsidwa chaka chomwecho. ExxonMobil, itamwaza madola oposa 350 miliyoni, nayonso idasiya, ndipo nkhaniyo idamveka kumayambiriro kwa 2023. Makampani ambiri omwe adapulumuka lero amagulitsa zakudya za nsomba ndi ziweto, mafuta odzola ndi mapiritsi owonjezera thanzi, zinthu zomwe kilogalamu yake imagulidwa modula kuposa dizilo.

Anthu awa sadalephere chifukwa chosowa nzeru kapena chuma. Adagonja ndi masamu omwe mwana wa sitandade 8 angathe kuwatsatira. Tiyeni tiwachitire pompano pa Ndamera.

M'dziwe la pamtetete, lita imodzi ya madzi obiriwira bii imakhala ndi ndere zouma zolemera pafupifupi theka la galamu. Zikachuluka kuposa apo zimaphimbana zokhazokha, dzuwa silifika pansi. Tiyerekeze kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a nderezo ndi mafuta, komwe ndi kuyerekeza mokomera. Kuti tipeze lita imodzi ya mafuta tifunika ndere zouma zokwana pafupifupi makilogalamu 4, ndipo kuti tipeze makilogalamu 4 amenewo tiyenera kusefa malita pafupifupi 8,000 a madzi. Amenewo ndi zigubu 400 za malita 20, pofuna botolo limodzi lomwe wakabaza amalimaliza dzuwa lisanalowe. Kusefako sikuli ngati kutsuluza ndi chitenje. Timaselo timeneti n'tating'ono kwambiri moti timadutsa pa nsalu. Pamafunika mankhwala otisonkhanitsa pamodzi, kapena makina ozungulira mwaliwiro omwe amadya magetsi ochuluka. Phala lomwe limatsalalo limakhalabe madzi kwa gawo lalikulu, ndiye liumitsidwenso. Kafukufuku wambiri wapeza kuti njira ikangolakwika pang'ono, mphamvu yomwe walowetsa imafanana kapena kuposa yomwe watulutsa. Dzuwa la ku Nsanje lingathandize kuumitsa mwaulere, n'zoona, ndipo uwu ndi mwayi weniweni womwe maiko ozizira alibe. Koma silingasefe madzi, silingaswenso timaselo.

Dzuwa lomwelo ndi lakuba madzi. Milimita imodzi ikauluka pa hekitala, atayika ndi malita 10,000. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pomwe kuno kumatentha kudutsa madigiri 40, dziwe losaya lingataye mamilimita angapo tsiku lililonse, kutanthauza malita masauzande makumimakumi oti abwezeretsedwe ndi pampu. Wina anena kuti titunge madzi amchere a pansi pa nthaka, aja adachititsa mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje kusiyidwa chifukwa munthu sangawamwe. Maganizowa ndi abwino, poti mitundu ina ya ndere imakondadi mchere. Koma madzi akamauluka mchere umatsala n'kumachuluka, ndipo nthawi ina umayenera kutayidwa. Utayidwe kuti? M'chigwa momwe mchere wa m'nthaka uli kale mdani wa ulimi wothirira, funso limeneli si lachibwana. Palinso kutentha kwa madziwo. Mitundu yambiri yopatsa mafuta imakula bwino pakati pa madigiri 20 ndi 30, ndipo madzi osaya akatentha kupitirira 35 imafooka kapena kufa. Kutentha kwa Ndamera, komwe otsatsa angakuwerengere ngati dalitso, miyezi ina kumapitirira muyeso.

Chakudya cha ndere ndicho chimandidabwitsa kuti sichitchulidwa kawirikawiri. Ndere ndi mbewu ngati mbewu zina. Zimafuna nayitrojeni ndi fosiforasi. Hekitala yoyendetsedwa mwaluso ikhoza kupereka matani pafupifupi 50 a ndere zouma pa chaka. Ngati magawo 5 okha pa 100 ali nayitrojeni, ndiye kuti ndi matani awiri ndi theka, omwe ndi matumba oposa 100 a urea a makilogalamu 50. Hekitala ya chimanga imakhuta ndi matumba ngati asanu a feteleza yense. N'zotheka kubwezera m'dziwe gawo la chakudyachi kuchokera ku zotsalira, koma zimenezi zimafunanso makina ake. M'dziko lomwe mlimi amagona pa mzere kudikira matumba awiri a feteleza wotsika mtengo, ndipo fetelezayo amagulidwa ndi madola omwewo ogulira dizilo, kuthira urea m'dziwe kuti tipulumutse ndalama zakunja ndi kuvula kumutu n'kuvala kumiyendo. Ngakhale ku Amereka, lipoti la National Research Council la mu 2012 lidapeza kuti kupanga kuchokera ku ndere magawo 5 okha pa 100 a mafuta oyendera m'dzikolo kungafune matani 6 mpaka 15 miliyoni a nayitrojeni pa chaka, ndipo lidati ndi luso la nthawi imeneyo sizikadatheka popanda kuononga zinthu zina.

Mpweya wa carbon dioxide nawo suli wongopezeka. Kilogalamu imodzi ya ndere imafuna pafupifupi makilogalamu 1.8 a mpweyawu, koma mumlengalenga ulimo wochepa zedi, 0.04 peresenti, ndipo umalowa m'madzi pang'onopang'ono. Choncho maiwe a malonda amaupopera kuchokera ku chumuni cha fakitale kapena m'masilinda. Kwa Ndamera kulibe chumuni chotero.

Ndiye pali mdani yemwe sapezeka m'mabuku a ku New Mexico: madzi osefukira. Maiwe a ndere amafuna malo athyathyathya, ndipo malo athyathyathya a kuno ndi omwewo Shire amawalanda akakwiya. Januwale wa 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023: anthu a kuno sasowa wowakumbutsa. Ana adagumula mbali ya damu la Kapichira, dziko lonse n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Dziwe lakuya masentimita 30 lingapirire chiyani? Ngakhale popanda chigumula, mvula yamphamvu imasungunula madzi, fumbi limabweretsa ndere zamtchire zomwe zimalanda malo, ndipo tizilombo todya ndere tikalowa, dziwe lonse limatha m'masiku ochepa. Ukasamutsira maiwe kumtunda, walowa pa malo omwe ndi ochepa kale, omwe mabanja othawa madzi, ngati a kwa Nyachikadza, boma lakhala likuwapempha kwa zaka zambiri kuti asamukireko. Ndipo gudumu lopalasa lija likaima chifukwa magetsi azima, chomwe mwamanga pafupi ndi mudzi ndi chithaphwi choswera udzudzu.

Tidaonapo kale lonjezo lofanana ndi ili, ndipo silidachokere kutali. Cha m'ma 2006 mpaka 2010, msatsimanga, womwe ena amautcha jatropha, udalalikidwa ngati mtengo womera paliponse, wosafuna madzi kapena feteleza, wopatsa dizilo. Kuno kampani ya Bio Energy Resources Limited idalimbikitsa alimi masauzande ambiri kuubzala m'malire a minda. Ku Mozambique Pulezidenti Armando Guebuza adaulimbikitsa yekha m'misonkhano, ndipo kampani ya Sun Biofuels idatsegula minda yaikulu pafupi ndi Chimoio isanagwe mu 2011. Chidapezeka n'chakuti mtengowo sufa pouma, koma kuti ubale zambiri umafuna nthaka yabwino ndi madzi ngati mbewu ina iliyonse. Njira ya m'Malawi yobzala m'malire idapulumutsa alimi ku chinthu chimodzi: sadataye minda yawo. Kumene makampani adatenga malo aakulu n'kugwa, anthu adatsala opanda ntchito komanso opanda munda. Pa ndere penipeni, chitsanzo chapafupi ndi cha ku South Africa, komwe kampani ya De Beers Fuel, yosakhudzana ndi ya miyala ya dayamondi ija, idatolera ndalama kwa anthu powalonjeza mafakitale a biodiesel wa ndere. Pulogalamu ya pa kanema ya Carte Blanche idaulula mu 2007 kuti zolonjezazo sizimagwirizana ndi zomwe zinali pamalopo, ndipo kampaniyo idagwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chodabwitsa n'chakuti pomwe tikuyang'ana kutali, Chigwa cha Shire chikupanga kale mafuta a galimoto ochokera ku mbewu, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi. Ethanol Company Limited idayamba ku Dwangwa mu 1982, ndipo PressCane idatsegula fakitale yake m'boma la Chikwawa mu 2004. Onse awiri amatcheza ethanol kuchokera ku molasesi, zotsalira zakuda zija pambuyo popanga shuga, ndipo PressCane imadalira wochokera ku Nchalo. Ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo. Mlingo womwe boma lidaika ndi magawo 20 pa 100, ngakhale kuti kawirikawiri sufikidwa chifukwa ethanol sakwanira. Boma lidayeseranso kuyendetsa galimoto ndi ethanol yekhayekha, kuphatikizapo Mitsubishi Pajero yomwe idasinthidwa ku Lilongwe Technical College, ndipo idayenda. Chopinga si luso. Ndi molasesi wochepa, yemwe amapezeka nyengo yodula nzimbe yokha, moti mafakitale amakhala miyezi ina osagwira ntchito mokwanira. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000 kuchokera ku Kapichira mpaka ku Bangula, ingasinthe zimenezi. Koma nzimbe nazo zili ndi mafunso ake: malo ndi a yani, madzi akupita kwa yani, ndipo chakudya chidzalimidwa pati? Ngalandeyo ikuthera pa Bangula, siyikufika kwa Ndamera.

Ngati pali malo m'chigwa muno pomwe ndere za mafuta zingayesedwe mwanzeru, ndi pambali pa fakitale ya ethanol, osati kumudzi. Shuga akamawira kusanduka ethanol amatulutsa carbon dioxide wolemera pafupifupi mofanana ndi ethanol weniweniyo, ndipo ndi woyera kuposa utsi wa chumuni. Lita iliyonse ya ethanol imasiyanso malita 10 kapena kuposa a madzi akuda otsalira, odzaza ndi potaziyamu ndi zina, omwe ndi mutu waukulu kwa fakitale iliyonse yotere padziko lapansi. Mpweya ulipo, chakudya china chilipo, magetsi ndi amisiri alipo. Madziwo ndi akuda kwambiri moti amayenera kusungunulidwa kapena kuyeretsedwa kaye kuti dzuwa lilowe, koma pamenepo ndere zikhala zikugwira ntchito ziwiri, ndipo yoyamba, yoyeretsa madzi, ndiyo ingalipire yachiwiri.

Iyi ndiyo njira yomwe ndere zaonetsa kupindula kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1950, William Oswald wa ku yunivesite ya California ku Berkeley adaonetsa kuti m'dziwe losaya ndere zimapereka okosijeni kwa mabakiteriya omwe amaphwanya zonyansa za m'zimbudzi, ndipo izo zimadya nayitrojeni ndi fosiforasi wotsalayo. Ku South Africa, ku Makhanda, komwe kale kunkatchedwa Grahamstown, yunivesite ya Rhodes yakhala ikuyendetsa maiwe otere kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ndere zotuluka mmenemo safunika kuziumitsa: amazithira zili zonyowa m'thanki yotsekedwa, zimaola n'kutulutsa biogas, gasi wophikira yemwe gawo lake loposa theka ndi methane. Boma la Nsanje, lomwe lidali m'gulu la oyamba kugwidwa ndi kolera wa 2022 ndi 2023, yemwe adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, lingapindule ndi chilichonse chosamalira bwino zonyansa pa sukulu zogonera, zipatala ndi misika. Koma zimafuna madzi oyenda m'mapaipi ndi munthu woziyang'anira tsiku ndi tsiku, ndiye si za khomo lililonse.

Kunena zoona, mphamvu yomwe banja la kwa Ndamera limaifuna tsiku lililonse si dizilo, ndi moto wophikira. Mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo mapiri a kumadzulo kwa Nsanje, kuphatikizapo nkhalango ya Matandwe, akulipira mtengo wake. Mapiri akayera, madzi amatsika ndi mchenga n'kukwirira mitsinje ndi minda ya kuchigwa. Pa vuto ili, chomera cha m'madzi chothandiza si ndere koma namasupuni. Iyeyu si mtundu wa ndere. Ndi chomera cha maluwa chochokera ku South America, chomwe chidafika kumunsi kwa Shire kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 n'kufalikira m'madambo a Ndindi ndi Elephant Marsh. Asodzi amamudziwa potseka njira za mabwato ndi kukola maukonde, ndipo kumtunda kwa Shire udzu wa m'madzi umasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula ndi Tedzani. Nyengo ikamukomera amawirikiza m'masabata awiri. Palibe womubzala, palibe womuthira urea, ndipo amagwirika ndi manja. Akadulidwadulidwa n'kusakanizidwa ndi ndowe, zomwe kuno kuli ng'ombe ndi mbuzi zambiri sizisowa, amatulutsa biogas, ndipo zotsalira zake ndi manyowa.

Ngakhale uyu tisamukweze mopitirira. Magawo oposa 90 pa 100 a namasupuni ndi madzi, choncho kumunyamula mtunda wautali ndi kusenza mtsinje pamutu; thanki iyenera kukhala pafupi ndi dambo koma pamalo posafika chigumula. Womuvuula akukumana ndi ng'ona, mvuu ndi nkhono zofalitsa likodzo. Ndiponso matanki a biogas ambiri m'maiko a mu Africa adafa osati chifukwa cha sayansi koma chifukwa paipi idaboka, wokonza kulibe, bungwe lomwe lidamanga lidapita kalekale. Komabe zipangizo zake ndi njerwa, simenti ndi mapaipi, zinthu zomwe mmisiri wa pa Nsanje boma angazikwanitse, pomwe makina osefera ndere ndi methanol ziyenera kuitanitsidwa kunja.

Ulimi wa ndere womwe ukupindula kale m'Malawi ulipo, kungoti eni ake sautcha choncho. Mlimi wa nsomba akathira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'dziwe kuti madzi abiriwire, akulima timaselo tomwe tija, ndipo makumba kapena chambo ndiwo akumukololera popanda makina kapena magetsi. Alangizi a za nsomba, kuphatikizapo a pa Kasinthula ku Chikwawa, amaphunzitsa zimenezi: ukaviika mkono mpaka pa chigongono n'kulephera kuona bwino chikhatho, madzi ali ndi chakudya chokwanira. Kilogalamu ya nsomba pamsika imabweretsa ndalama zogulira petulo, ndipo imadyedwanso pakhomo. Palinso spirulina, yemwe ali ndi mafuta ochepa koma pafupifupi magawo 60 pa 100 ndi zomanga thupi. Ameneyu amakonda madzi otentha, cha m'ma digiri 35, komanso a chidulo ambiri moti ndere zina ndi tizilombo tambiri sizipikisana naye, ndipo popeza ndi wautali ngati tiulusi topotana amasefeka ndi nsalu wamba. Amayi a mtundu wa Kanembu ku Chad akhala akumuvuula m'mathawale ndi kumuyanika pamchenga kwa mibadwo, n'kumamuthira m'ndiwo. M'boma lomwe njala ikavuta anthu amalowa m'dambo kukazula nyika, ndere yodyedwa ndi yoyenera kuiganizira kuposa ndere yoyatsa. Chenjezo n'lakuti asamatoledwe mwachisawawa: ndere zina zofanana naye zili ndi poizoni woononga chiwindi, ndiye mbewu yake ichokere kwa odziwa ndipo madzi aziyezedwa.

Pa pampu yothirira ndi magetsi a m'nyumba, mpikisano udatha kale. Zomera, ndere zomwe, zimasunga magawo ochepa chabe pa 100 a mphamvu ya dzuwa yomwe yazigwera, pomwe sola ya masiku ano imatembenuza pafupifupi magawo 20 kukhala magetsi, popanda feteleza kapena madzi. Dizilo adzafunikabe kwa malole, mathirakitala ndi sitima, ndipo pamenepo njanji ya ku Beira yodzera pa Marka, yomwe idafa m'nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ndipo idalandiranso sitima ya mafuta mu 2024, ingatsitse mtengo wa mayendedwe msanga kuposa dziwe lililonse.

Sindikunena kuti kafukufuku aleke. Njira zatsopano zikuyesedwa, monga yophika phala lonyowa la ndere pa madigiri cha m'ma 350 mopanikizika kwambiri kuti lisanduke mafuta akuda osadikira kuumitsa, ndipo makampani a ndege, omwe sangauluke ndi mabatire ulendo wautali, akadali ndi chidwi. Ophunzira a ku LUANAR, MUBAS kapena MUST angachite ntchito ya phindu potolera ndere za m'madambo a Ndindi ndi m'zithaphwi zamchere za m'chigwa, zomwe zidazolowera kale kutentha kwa kuno, n'kuziyeza mafuta ndi kakulidwe kake. Ntchito yotereyi imakwana pa maiwe angapo ang'onoang'ono, siyifuna mahekitala mazana.

Koma wina akadzafika pa bwalo la mfumu ndi zithunzi za maiwe obiriwira n'kupempha malo, a mudzi ali ndi zoti amufunse asanayambe kukamba za chidindo. Feteleza wa nderezo achokera kuti, ndipo ndi matumba angati pa chaka? Nanga carbon dioxide? Madzi amchere otsala adzatayidwa pati? Lita imodzi idzatuluka pa mtengo wanji, ndipo ndi kuti padziko lapansi komwe iye kapena wina aliyense akugulitsa dizilo wa ndere pa mtengo umenewo popanda thandizo la boma? Malamulo a malo a mu 2016, omwe adasinthidwanso mu 2022, amapereka mawu kwa makomiti a malo a m'midzi pa nkhani za malo a makolo, ndiye mgwirizano uliwonse uyenera kunena poyera kuti kampani ikagwa malowo abwerera kwa yani, ndipo adzakwirira maenje ndani. Ngati wakanika kuyankha, ayambe waonetsa kadziwe kamodzi komwe kapirira chaka chathunthu kuno, kudutsa dzuwa la Okutobala ndi madzi a Januwale mpaka Malichi, ndi buku losonyeza malita omwe atuluka komanso magetsi, madzi ndi feteleza zomwe zalowa.